Kompyuta Ikakana Kawailesi ka Nyimbo za Kwaya

M'makomboni athu a Lusaka, kuchokera ku Kanyama ndi ku George mpaka ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, nyimbo za Mulungu zidasiya kuyenda pa kaseti. Masiku ano zimayenda m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo, kamene timalowetsa m'kawailesi ka m'manja kapena m'kachipangizo koimbira nyimbo kotchedwa MP3. Amayi a Legio ya Maria amanyamula kawailesika popita kukaona odwala, akwaya amaphunzirirapo nyimbo za Pasaka, ndipo pamaliro, usiku ukatalika mawu a oimba n'kusasa, ndiko kamathandiza anthu kuchezera.

Vuto limadza tsiku limene tifuna kuikamo nyimbo zatsopano. Tilumikiza ku kompyuta ya pa ofesi ya parishi, kapena ya mnyamata woika nyimbo pamsika, koma kompyuta ingoti duu, ngati sitinalumikize kanthu. Ambiri a ife pomwepo timagamula kuti kawailesi kafa. Kawirikawiri kamakhala kali bwinobwino, ndipo nyimbo zonse zikadali momwemo.

Choyamba kuchikayikira ndi nthambo. Nthambo ya USB yokwanira imakhala ndi mawaya anayi m'kati mwake: awiri otengera moto, awiri otengera nyimbo ndi zithunzi. Zambiri mwa nthambo zotsika mtengo zimene timagula m'mbali mwa msewu zili ndi mawaya awiri a moto okha. Kanyali kakayaka, ife timati zonse zili bwino, pomwe njira ya nyimbo mulibe. Tibwereke nthambo imene tikudziwa kuti idatengapo zithunzi kuchokera pa foni, ndipo tiyesenso pa chibowo china cha kompyuta. Tisuzumirenso m'chibowo cha kawailesi. Fumbi la mwezi wa September ndi October limadzazana m'menemo mpaka nthambo kulephera kufika pansi. Tichotse ndi kamtengo kouma, kawailesi katazimitsidwa. Singano ndi phini zimaononga.

Batire nalo limanamiza. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali ndipo zipangizo zambiri zinkagona masiku zilibe moto. Kachipangizo kamene batire lake latheratu sikayankha kompyuta. Kayambe kadya moto kwa ola limodzi.

Koma pali china chimene ogulitsa satiuza. Mawailesi ambiri ang'onoang'ono sadapangidwe kuti azilankhulana ndi kompyuta n'komwe. Chibowo chaching'ono n'chotchajira basi, ndipo chachikulu n'cholandirira flash. Tingasinthe nthambo khumi, palibe chidzachitike. Njira yake ndi kutulutsa kakhadi ndi kukaika m'kachipangizo kowerengera makhadi, kamene kamalowa ku kompyuta. Foni nayo imayamba yafunsa ngati tifuna kutchaja kokha kapena kusamutsa zinthu, ndipo imadikira yankho lathu. Amene adalandira iPod kwa achibale akunja adziwe kuti imafuna pulogalamu yakeyake ya iTunes, ndi kuti kampani ya Apple idaleka kuipanga mu 2022.

Tsopano tifike pamene pagona ngozi. Nthawi zina kompyuta imaliona khadi, koma n'kulemba uthenga wa Chingerezi wofunsa ngati tifuna kuchita "Format". Mnyamata wa pamsika, poona mzere wa anthu kumbuyo kwathu, chala chake chimathamangira kuvomera. Mawu amenewa atanthauza kusesa m'nyumba monse. Nyimbo za oimba otchuka tingathe kuzipezanso mawa. Nanga nyimbo zimene kwaya yathu idajambula pa tsiku la ukwati wa mwana wathu? Nanga mawu a mphunzitsi wa kwaya amene tidamuika m'manda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, amene nyimbo zake sadazilembe papepala? Zoterezi sizigulitsidwa ku Soweto Market. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikane, titulutse khadilo, ndipo tisaikemo china chilichonse, chifukwa zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale. Amisiri ali ndi mapulogalamu otha kuvuula zambiri m'khadi lotere, malinga ngati silinalembedwenso.

Uthengawu umabwera makamaka pamene khadi lidazulidwa nyimbo zili m'kati molowa, kapena magetsi adazima ntchito isanathe. N'chifukwa chake n'koyenera kuiuza kompyuta kuti tikuchotsa, ndi kudikira kuti ivomere.

Palinso matenda amene makhadi amatenga poyenda m'makompyuta ambiri. Kachilombo kena ka m'kompyuta kamabisa nyimbo zonse ndi kusiya tizithunzi tabodza tokhala ndi kamuvi pakona. Tisatitsegule, pakuti potero m'pamene matenda amafalikira. Nyimbo zimakhala zangobisika, ndipo munthu wodziwa amazionetsanso atachotsa kachilomboko.

Pogula khadi, tisakopeke ndi nambala yaikulu pamtengo wochepa. Alipo makhadi achinyengo olembedwa 64 GB pamene malo ake enieni ndi ochepa. Akadzaza, zimene taikamo zimayamba kuonongeka mwakachetechete. Ngakhale khadi lenileni loposa 32 GB limabwera ndi kalembedwe kotchedwa exFAT, kamene mawailesi ambiri otsika mtengo sakawerenga. Khadi la 8 GB limasunga nyimbo zoposa 1,000, zokwanira chaka chonse cha Mpingo kuyambira Adventi mpaka chikondwerero cha Khristu Mfumu.

Ife tikuona kuti nkhaniyi iyenera kukambidwa pamsonkhano wa kwaya ndi wa mphakati. Mlembi amasunga kale buku la zopereka ndi la maina. Apatsidwenso khadi lachiwiri lokhala ndi zonse zimene kwaya idajambula, ndipo lina lisungidwe ku ofesi ya parishi, m'envulopu yolembedwa dzina la kwaya ndi chaka.