Usipa si mwana wa chambo

Mukafunsa mwana wasukulu kuti usipa n'chiyani, yankho limabwera msanga: "kansomba kakang'ono."  N'chifukwa chake anthu ambiri, makamaka okhala kutali ndi nyanja, amakhulupirira kuti tinsomba tonse ta pamsika ndi ana a nsomba zikuluzikulu, ndipo tikanasiyidwa m'madzi tikanadzasanduka chambo kapena mpasa.

Si zoona. Usipa ndi mtundu pawokha, ndipo kwawo ndi m'nyanja ya Malawi. Ukakula umalekezera pa masentimita 10 mpaka 13, umaswana uli wotero, ndipo wambiri supitirira chaka chimodzi chamoyo. Ndi chambo palibe chibale chapafupi. Abale ake ndi mpasa, sanjika ndi matemba. Utaka ndi kambuzi wa ku Malombe ndiwo a banja limodzi ndi chambo, koma nawonso ndi mitundu yawoyawo, sadikira kudzakula n'kukhala chambo.

Ena amati usipa ndi kapenta n'chimodzimodzi, kusiyana dzina chabe. M'mbale zimafananadi, koma kapenta amene amagulitsidwa ku Lusaka ndi ku Harare gwero lake ndi nyanja ya Tanganyika. Anthu adachita kumuthira m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968, kenaka adatsika ndi mtsinje wa Zambezi mpaka ku Cahora Bassa. Usipa sudachite kubweretsedwa ndi munthu.

Nanga zoti izi ndi ndiwo za amphawi? Mawuwa amandiwawa. Chambo timachotsa minga, mutu ena amausiya. Usipa ndi matemba timatafuna zonse, mutu, maso ndi mafupa omwe, ndipo m'menemo ndimo muli zolimbitsa mafupa a mwana ndi a mayi woyembekezera. Masiku ano usipa wokha umaposa theka la nsomba zonse zimene asodzi amagwira m'Malawi. Nyali zimene mumaona zitandandalika panyanja usiku ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay ndi za anthu amene akukokera usipa ku chilimira kuti dziko lidye.

Koma pali chikhulupiriro china chimene ine ndimachiopa kuposa zonsezi: chakuti popeza tinsomba tina ndi tating'ono mwachibadwa, ndiye kuti kalikonse kakang'ono n'koyenera kugwidwa. Apa ndiye pagona ngozi. Bonya ndi usipa wosakhwima. Kasawala ndi mwana weniweni wa chambo. Chambo chachikazi chimafungatira mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo anawo amakulira m'madzi osaya a m'mphepete, momwe makoka a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu amawasesa asanaikire dzira ndi limodzi lomwe. Ku Malombe chambo chidachepa kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo kugwira kasawala kudathandizira zimenezi. Malamulo a usodzi amaletsa kugwira chambo chosafika masentimita 15, ndipo mu Novembala nyanja ya Malawi imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane.

Msodzi amakoka chimene chili ndi msika. Inu ogula ku Limbe, ku Lizulu kapena ku Mzuzu, yang'anitsitsani mulu umene wogulitsa wakuunjikirani. Usipa wokhwima gulani, mudyetse ana. Kasawala musiyeni pa benchi pomwepo.