Kasungidwe ka Mawu Ojambulidwa pa Makina a NAS: Za Magawo ndi Kubwereza kwa Madisiki

1. Mawu oyamba

Pa 18 Epulo 2021 moto wochokera kuphiri la Table Mountain unatentha nyumba ya mabuku ya Jagger ku University of Cape Town, ndipo zolembedwa zambiri za maphunziro a za Africa zinapserera. Ngoziyi ikukhudza aliyense wa ife amene amajambula zoyankhula za anthu. Ofufuza amene amayenda m'madera a Edenvale, Germiston ndi Tembisa kujambula Chichewa cha matchona, amene ena mwa iwo anabwera ku Joni m'masiku a Wenela, amadziwa kuti nkhalamba ikapita, mawu ake sajambulidwanso. Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza m'mene madisiki a makina a NAS amasanjidwira, ndi kuonetsa pamene chitetezo chawo chimathera.

2. Makinawo ndi magawo ake

NAS ndi kabokosi kokhala ndi madisiki awiri, anayi kapena ochulukirapo, kolumikizidwa ku netiweki kuti makompyuta angapo azisungamo zinthu. Madisikiwo amayamba aphatikizidwa kukhala nkhokwe imodzi, kenaka nkhokweyo imadulidwa m'magawo. Ndi nzeru kupatula gawo la mawu oyambirira, amene sayenera kusinthidwa ndi wina aliyense, ndi gawo lina la ntchito ya tsiku ndi tsiku monga kulemba zomveka ndi kumasulira. Kukula kwa magawowa kungawerengedwe pasadakhale: ola limodzi la mawu ojambulidwa mu WAV pa 48 kHz ndi 24 bit, mbali ziwiri, limadya pafupifupi gigabayiti imodzi.

3. Njira zosanjira madisiki

Dzina lakuti RAID linatchuka ndi pepala la David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku Berkeley m'chaka cha 1988. Tiyerekeze kuti tili ndi madisiki anayi, iliyonse ya 4 TB.

RAID 0 imamwaza zolembedwa pa madisiki onse. Malo amakwana 16 TB ndipo liwiro limachuluka, koma disiki imodzi ikafa zonse zatayika. Njirayi siyenera konse ntchito yosunga chiyankhulo.

RAID 1 imalemba chinthu chimodzi pa madisiki awiri, ngati munthu wolemba kalata ndi pepala la kaboni. Theka la malo limapita, koma ndi njira yosavuta, yoyenera makina a madisiki awiri.

RAID 5 imafuna madisiki osachepera atatu, ndipo imasunga chiwerengero chobwezeretsera. Ganizo lake n'lofanana ndi ili: ngati tasunga 7 ndi 2 pamodzi ndi kuphatikiza kwake, 9, ndiye 2 akatayika tingamupezenso pochotsa 7 mu 9. Pa madisiki athu anayi tipeza 12 TB, ndipo imodzi ingafe popanda kutaya kanthu.

RAID 6 imasunga ziwerengero zotere ziwiri. Malo amatsika kufika 8 TB, koma madisiki awiri angafe nthawi imodzi.

Tsono wina angafunse kuti n'kutayiranji 4 TB posankha RAID 6. Yankho lili pa nthawi yobwezeretsa. Disiki yatsopano ikalowa m'malo mwa yakufa, makina amawerenga madisiki onse otsala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ntchito yotenga maola ambiri, mwina masiku. Madisiki ogulidwa tsiku limodzi amakalambira pamodzi, kotero yachiwiri ingafe pa nthawi yomweyi, pamene RAID 5 ilibenso chodzitetezera. Kuthimathima kwa magetsi kumawonjezera vutoli, monga anthu a ku Gauteng anaonera m'chaka cha 2023. N'chifukwa chake batire ya UPS iyenera kugulidwa pamodzi ndi makinawo.

4. Pamene chitetezo chimathera

Mfundo yaikulu ndi iyi: RAID imateteza ku imfa ya disiki basi. Wothandizira kafukufuku akafufuta fayilo molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo. Mbala imanyamula bokosi lonse, ndipo moto kapena mphezi sizisankha disiki. Makolo athu sankaika mbewu yodzala m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chodya. Ina ankaipachika kutsindwi, pautsi, ina n'kukasungitsa kwa abale.

Lamulo lodziwika pakati pa osunga zakale ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Kwa wofufuza wa ku Edenvale malo akutali sasowa. Ku Isando, mu Ekurhuleni momwemo, kuli nyumba zazikulu zosungira deta za Teraco, ndipo bungwe la SADiLaR ku North-West University limasunga zipangizo za ziyankhulo pa kompyuta. Pa Chichewa, n'koyenera kuganiziranso Centre for Language Studies ku Zomba, kuti mawu a matchona abwerere kwawo, ngati eni mawu anavomereza.

5. Mathero

Tikupempha mamembala kuti pogula makina a madisiki anayi kapena kuposa asankhe RAID 6, apatule gawo la mawu oyambirira, ndipo kamodzi pachaka ayese kubwezeretsa mafayilo angapo kuchokera ku kope lakutali. Kope limene silinayesedwepo sitingalidalire.