Mlembi, Intaneti ndi Awerengi: Zomwe Tingaphunzire pa Buku la William Kamkwamba

Chiyambi

Ntchito ya mlembi sithera pa tsamba lomaliza la buku. Buku likasindikizidwa pamatsala ntchito ina yaikulu, yolifikitsa m'manja mwa anthu oti aliwerenge. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi makampani osindikiza, masitolo a mabuku, sukulu ndi mipingo. Masiku ano alembi ambiri amadalira intaneti, ndipo awerengi eniake ndiwo amasenza gawo lalikulu la katunduyu. Nkhani ino ifotokoza mmene zimenezi zimachitikira potengera chitsanzo cha William Kamkwamba, yemwe adabadwira m'boma la Dowa. Ionanso awerengi omwe njirayi imawasiya m'mbuyo, ndi zomwe mlembi wa Chichewa wa kumapiri a Dowa ndi Ntchisi angatolepo.

Mbiri ya Kamkwamba mwachidule

William Kamkwamba adabadwa pa 5 Ogasiti 1987 ku Dowa, koma adakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 idasautsa kwambiri banja lake kotero kuti adasiyira panjira sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi. Ali pakhomo, ankapita ku kanyumba kobwereketsa mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy. Pachikuto pake padali chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankadalira kwambiri zithunzi. Mu 2002, ali ndi zaka 14, adapanga makina ake pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, zitsulo za thirakitala, njinga yakale ndi dayinamo, ndipo nyumba ya kwawo idayamba kuwala usiku.

Kwa zaka zinayi, nkhaniyi idangodziwika ndi anthu a m'deralo. Zinthu zidasintha mu 2006 pamene Dr. Hartford Mchazime, mmodzi mwa akuluakulu a bungwe la Malawi Teacher Training Activity, adakaona makinawo nabweretsa atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba nkhaniyi mu Novembala chaka chomwecho. Dr. Mchazime adathandizanso kuti mnyamatayu abwerere kusukulu, ndipo adakalowa pa sekondale ya Madisi, kubwereranso m'boma lomwe adabadwira.

Awerengi adayamba, buku lidatsatira

Chochititsa chidwi pa nkhani ya Kamkwamba n'chakuti awerengi adapezeka buku lisadalembedwe. Soyapi Mumba, katswiri wa makompyuta ku Lilongwe, adawerenga nkhani ya m'nyuzipepala ija naionetsa mnzake wa kuntchito, Mike McKay, yemwe adaiika pa intaneti. Kumeneko idapezedwa ndi Emeka Okafor, yemwe ankakonza msonkhano wa TEDGlobal. Mu Juni 2007 Kamkwamba adayankhula pa msonkhanowu ku Arusha m'dziko la Tanzania. Kumeneko ndiko adagwiritsa ntchito intaneti koyamba, ndipo ena mwa omwe adamumvera adadzipereka kumulipirira maphunziro. Kanema wa zomwe adayankhula adaikidwa pa intaneti ndipo anthu ankatumizirana. Mu Disembala 2007 nyuzipepala ya Wall Street Journal idalemba za iye, ndipo mtolankhani Bryan Mealer atawerenga adaganiza zolemba naye buku. Bukulo, The Boy Who Harnessed the Wind, lidatuluka mu Sepitembala 2009 ku kampani ya William Morrow ya ku America.

Tikayang'ana mndandanda umenewu tiona kuti pa sitepe iliyonse padali munthu yemwe adawerenga kapena kumva nkhani, naipatsira wina. Palibe mwa anthuwa amene adalembedwa ntchito yotsatsa buku, pakuti bukulo kudalibe. Pofika tsiku lomwe lidatuluka, kudali kale khamu la anthu lomwe linkamudziwa mwini nkhani ndipo linkafuna kumva zambiri. Apa ndiye pagona kusiyana kwa kutsatsa kwa pa intaneti ndi kutsatsa kwakale. Wotsatsa wakale ankayamba ndi katundu n'kumafunafuna ogula. Mlembi wa pa intaneti amayamba wasonkhanitsa anthu pabwalo, katundu n'kubwera pambuyo.

Njira zitatu zomwe awerengi amatengera mbali

Njira yoyamba ndi kufalitsa. Munthu amakhulupirira msanga mawu a mnzake kusiyana ndi a wogulitsa, chifukwa amadziwa kuti mnzakeyo sapindulapo kanthu. Miyezi iwiri bukulo lisadatuluke, mu Julayi 2009, Kamkwamba adayankhulanso pa msonkhano wa TEDGlobal ku Oxford, ndipo kanema wake adakhala ngati kalambulabwalo wa bukulo. M'chaka chomwecho bungwe la TED lidatsegula mwayi woti anthu odzipereka azimasulira makanema ake m'zinenero zawo. Potero mawu a Kamkwamba adafika kwa anthu osamva Chingerezi kudzera mwa omasulira osalandira malipiro.

Njira yachiwiri ndi kuwerengera limodzi. Mu 2010 mayunivesite a Florida ndi Boise State ku America adasankha bukuli kuti ophunzira a chaka choyamba aliwerenge n'kulikambirana. Buku likamawerengedwa pagulu motere limabala mafunso, mitsutso ndi zolemba zina, ndipo moyo wake umatalika. Kufunidwa kwake m'sukulu kudapatsa mpata mabuku ena awiri a nkhani yomweyi: la zithunzi la ana, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon, mu 2012, ndi la achinyamata mu 2015. Awerengi ena sadalekere pokambirana, adaperekanso ndalama ku bungwe la Moving Windmills Project, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2008 kuti lizithandiza pa chitukuko cha kwawo kwa mlembiyu.

Njira yachitatu ndi kuumba nawo buku lenilenilo. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Andy Weir wa ku America, yemwe ankaika nkhani yake ya The Martian pa intaneti mutu ndi mutu, mwaulere. Awerengi odziwa sayansi ankamuuza pomwe walakwitsa, iye n'kumakonza. Awerengi omwewo adamupempha kuti aliike pa Kindle, ndipo adaligulitsa pa mtengo wa masenti 99. Litagulidwa kwambiri, kampani ya Crown idalitenga n'kulisindikiza mu 2014. Apa awerengi adagwira ntchito ya mkonzi komanso ya wotsatsa nthawi imodzi.

Kodi awerengi ake ndi ati?

Funso lofunika kwa ife ophunzira zinenero ndi lakuti: mwa anthu onse adatenga mbali pofalitsa nkhani ya Kamkwamba, ndi angati adali a ku Wimbe, Madisi, Mponela kapena Malomo? Mu 2007 ku Malawi kuno munthu pafupifupi mmodzi yekha pa anthu 100 alionse ndiye ankagwiritsa ntchito intaneti. Bukulo lidatuluka m'Chingerezi, kunja kwa dziko, pa mtengo wa kunja. Motero anthu omwe adavutika nayo njala ya 2002, omwe akadatha kutsimikiza kapena kutsutsa zolembedwamo, ambiri sadali nawo pabwalo pomwe nkhani yawo inkakambidwa. Pamene Chiwetel Ejiofor adaisandutsa filimu mu 2019, ochita sewero adayankhula Chichewa m'zigawo zambiri, koma filimuyo idaonetsedwa pa Netflix, yomwe imafuna intaneti yamphamvu ndi ndalama zolipira mwezi ndi mwezi.

Ulendo wa nkhani imeneyi ndi wosiyana ndi wa mabuku a Samuel Josia Nthara. Buku lake la Nthondo lidalembedwa m'chinenero chathu, lidapambana mphotho mu 1933 pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, kenaka T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina lakuti Man of Africa. Nthara adalembanso za Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, ndipo buku limeneli lidatuluka m'Chingerezi mu 1949 pa dzina lakuti Headman's Enterprise. Polemba Mbiri ya Achewa adayenda kufunsa akuluakulu a m'midzi. Zolemba za Nthara zidachokera kwa eni nkhani, zidawerengedwa ndi eni nkhani m'chinenero chawo, kenaka zidapita kunja. Za Kamkwamba zidayamba zatchuka kunja n'kumabwerera kumudzi.

Kunena zimenezi si kunyoza Kamkwamba. Njira yomwe adadutsa idamufikitsa ku African Leadership Academy ku Johannesburg ndi ku koleji ya Dartmouth, komwe adatsiriza maphunziro mu 2014, ndipo idadzetsa thandizo kwawo. Mfundo ndi yakuti intaneti imasonkhanitsa awerengi amene ali nayo, m'chinenero chomwe chili ndi mphamvu pa intanetipo. Mlembi amene amvera awerengi a pa intaneti okha angayambe kulemba zokomera iwowo, kufotokoza nsima ndi gule wamkulu ngati zinthu zachilendo, n'kuiwala mayi wa ku Ntchisi yemwe safuna kumuuza kuti nsima n'chiyani.

Zomwe mlembi wa Chichewa angachite lero

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 300,000 ku Ntchisi, ndipo pafupifupi onsewa amayankhula Chichewa. Amenewa ndi msika waukulu wa mabuku, ngakhale kuti sitolo za mabuku a nthano ndi ndakatulo n'zosowa m'maboma awiriwa. Kuyambira m'zaka za Kamkwamba zinthu zasintha. Mafoni afika m'midzi, magulu a WhatsApp a mipingo, a aphunzitsi ndi a alimi alipo ambiri, ndipo Airtel Money ndi TNM Mpamba zimalola wogula wa ku Nambuma kulipira mlembi wa ku Lilongwe osakwera minibasi.

Choyamba, mlembi angatulutse nkhani yake pang'onopang'ono pa Facebook kapena WhatsApp, n'kumafunsa awerengi maganizo awo. Kwa mlembi wa Chichewa phindu lake n'loposa malonda. Awerengi angamuuze kuti mawu ena sanenedwa choncho ku Dowa, kuti mwambi wina wausokoneza, kapena kuti mwambo wa chinamwali sadaufotokoze molondola. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chinenero ndi denga lomwe palibe adalisenzapo yekha.

Chachiwiri, ayenera kukumbukira kuti chikhalidwe chathu chidazolowera kumva kuposa kuwerenga. Kujambula mawu akuwerenga mutu umodzi n'kuwatumiza pa foni kumafikira ngakhale agogo osadziwa kuwerenga, ndipo foni imodzi imamveredwa ndi banja lonse. Alakatuli a Chichewa adatchuka kudzera pa wailesi ndi zojambula mawu kale anthu asadaone mabuku awo.

Chachitatu, intaneti iyenera kulumikizidwa ndi bwalo lenileni. Ku Dowa komweko, ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, mlakatuli Menes La Plume wochokera ku Congo adayambitsa mu 2014 chikondwerero cha Tumaini, chomwe chakhala chikukokera anthu ambiri kukamvera nyimbo ndi ndakatulo. Uthenga woitana anthu ungayende pa foni, koma kukumana maso ndi maso ndiko kumamanga ubale wa mlembi ndi womvera. Makalabu a olemba a m'sukulu za sekondale ndi nyumba zobwereketsa mabuku angagwire ntchito yomweyi.

Zovuta zake

Njirayi ili ndi minga yake. Yoyamba ndi kuba. Buku likangotumizidwa kwa munthu mmodzi pa foni, lingafike kwa anthu mazanamazana mlembi osalandira ngakhale tambala. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza mlembi, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti liziyang'anira zimenezi, koma kulondola aliyense wotumiza buku pa WhatsApp n'kosatheka. N'chifukwa chake n'kwanzeru kugawa mwaulere zigawo zochepa zokha, kapena kulandiriratu ndalama za ofuna bukulo lisadasindikizidwe.

Yachiwiri ndi kunyengedwa ndi kuwomba m'manja. Anthu chikwi angayamikire nkhani pa Facebook, koma ogula buku n'kukhala makumi awiri okha, chifukwa kuyamikira sikulira ndalama. Yachitatu ndi kutaya ufulu wa mlembi. Awerengi ambiri amafuna kuti nkhani ithe mokoma, woipa alangidwe, okondana akwatirane. Mlembi womvera zonse amasanduka kalaliki wa gulu. Andy Weir ankalandira zokonza pa sayansi, koma nkhani idakhalabe yake. Mlembi wa Chichewa nayenso alandire uphungu pa chinenero ndi miyambo, koma chigamulo cha komwe nkhani ilowere chikhale m'manja mwake.

Mathero

Nkhani ya Kamkwamba yaonetsa kuti awerengi a pa intaneti angathe kunyamula mbiri ya mnyamata wa kumudzi kuifikitsa m'maiko akutali, buku lisadalembedwe n'komwe. Yaonetsanso kuti awerengi amenewa amasankhidwa ndi chinenero, magetsi ndi ndalama. Nthara adasonyeza kale kuti buku lolembedwa m'Chichewa, lochokera m'kamwa mwa anthu a ku Dowa, lingathe kuyamba kukondedwa kwawo kenaka n'kuwoloka nyanja. Mlembi wa lero ali ndi zipangizo zomwe Nthara adalibe, ndipo ali ndi awerengi a Chichewa a pa foni omwe Kamkwamba adalibe mu 2009. Ophunzira ndi aphunzitsi a zinenero tili ndi gawo pamenepa: kumasulira, kukonza kalembedwe, kuwerenga mokweza m'makalasi ndi kulemba ndemanga za mabuku a Chichewa pomwe anthu angazione. Tisaiwale kuti ulendo wonse wa Kamkwamba udayambira pa buku limodzi lomwe wina adaliika pa shelefu ya sukulu ya pulayimale ya kumudzi.