Za Mitanda ndi Zithunzi za ku Mua

M'nyumba zina za Akristu kuno ku Kanjedza, pafupi ndi Limbe, tiona mitanda yosema pa mtengo, ndipo Yesu wopachikidwapo ali ndi nkhope ngati yathu. Ena atifunsa kuti, mitanda yotereyi ichokera kuti, ndipo kodi nkoyenera kupemphera patsogolo pake? Tsono tifuna kuyankhapo pang'ono.

Ansembe a White Fathers anafika ku Mua, m'dziko la Dedza, m'chaka cha 1902. Masiku amenewo ansembe ndi anthu a Nyau analimbana kolimba, pakuti onse awiri anafuna ana omwewo, ansembe kuwatengera ku sukulu, a Nyau ku dambwe. Ovina anayankha mwa njira yao, nasema nkhope zotchedwa Simoni ndi Maria, monga kunena kuti, ife tawaona alendowa ndipo tawadziwa.

Bambo Claude Boucher, wa ku Canada, anadza m'dziko lino mu 1967, ndipo mu 1976 anayamba nchito ya KuNgoni pa Mua pomwepo. Anasonkhanitsa amisiri osema, nawalimbikitsa kuti aseme za m'Buku Loyera ndi manja a kwao. Anayendanso m'midzi zaka zambiri, nakhala pa maliro ndi pa chinamwali, najambula zithunzi ndi kulemba nyimbo. Anthu anamcha Chisale.

Zimenezi ziri m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, dzina limene anthu anapatsa Champmartin, mmishonale wa kale wa pa Mua. M'menemo muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400, zina zopachikidwa pa mtengo, ndi zithunzi zambiri m'makoma.

Pano mpamene mitima ya ena ivutika. Mkristu wokalamba, amene anakanizidwa Nyau pa ubatizo wake, adabwa poona zilombo pa malo a mishoni. Mkulu wa dambwe nayenso adandaula kuti chithunzi chionetsa kwa aliyense zimene kale anaziona ometa okha. Ife sitinyoza dandaulo la mmodzi wa iwo. Koma tiganiza kuti mwana wobadwira m'tauni muno, amene sanaonepo bwalo la kwao kwa agogo ake, ayenera kudziwa kuti makolo aja analira akufa ao motani, ndi kuti anamchula Chauta asanamve belu la tchalitchi.

Za mtanda uja, tinena kuti upachikeni pa khoma, ndi kupemphera Korona pamenepo madzulo pamodzi ndi ana. Ngati sunadalitsidwe, pitani nao kwa wansembe Lamulungu ikatha Misa.