Ndani Amayang'anira Chipatala Chathu?

Kuno ku Mongue tikadwala timapita ku chipatala chaching'ono. Matenda akakula amatitumiza ku Milange. Anamwino ndiwo amayang'anira ife. Nanga ntchito ya chipatala amayang'anira ndani?

Pa 24 Julaye 1975, patangotha mwezi umodzi chilandirire ufulu, boma linatenga zipatala kuti zikhale za anthu onse. Koma chinthu cha anthu onse chimaonongeka msanga, aliyense akamati mnzake ndiye achisamale.

Nchifukwa chake Unduna wa Zaumoyo unakonza zoti pa chipatala pazikhala komiti. Dzina lake pa Chipwitikizi ndi Comité de Co-gestão, kutanthauza kuyendetsa zinthu pamodzi. M'komitiyi mumakhala antchito a pa chipatala ndi anthu ochokera m'midzi yathu.

Mankhwala amabwera m'makatoni omata. Potsegula makatoniwo, a komiti ayenera kukhalapo ndi kuona ndi maso awo. Tsono tikamva kuti mankhwala a malungo atha, pali anthu athu amene angafunse kuti, "Anabwera angati? Atha bwanji?" Nthawi zambiri amakhala atathadi, makamaka m'dzinja pamene udzudzu wachuluka. Koma mankhwala a boma akapezeka pamsika, pamenepo pali kuba.

Ntchito ina ndiyo kumva madandaulo. Tiyerekeze kuti mayi wapakati wauzidwa kuti apereke ndalama asanachire. Uku nkulakwa, pakuti kuchirira ku chipatala cha boma nkwaulere. Ambirife timangonong'onezana ku chitsime, kuopa kuti mawa adzatibweza pakhomo. Komatu ku chitsime sikukonza chipatala.

M'chaka cha 2007 boma linavomereza chikalata cha ufulu ndi udindo wa wodwala. Chimati wodwala alandiridwe mwaulemu, matenda ake asungidwe mwachinsinsi, ndipo ali ndi ufulu wodandaula. Tikauza wa komiti, iye amakatula nkhani yathu pamsonkhano. Ikakanika pamenepo, imapita kwa akuluakulu a zaumoyo ku Milange. Madokotala alinso ndi bungwe lawo, Ordem dos Médicos, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2006. Dokotala akaswa malamulo a ntchito yake, bungweli lingamlange.

Anamwino nawo ali ndi zawo zotiuza. Amadandaula kuti timachedwa nawo mwana kunyumba, kufika naye atalefuka kale. Izinso a komiti amabwera nazo kumudzi, nakazinena pabwalo la mfumu.