Nyenyezi zatsopano zikubadwabe pafupi ndi Akamwiniatsatana

Blantyre: Anthu okhala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amene amayang'ana kumwamba madzulo m'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale, mitambo ya mvula ikayera, amaona nyenyezi zitatu zondondozana zimene makolo athu anazitcha Akamwiniatsatana. Chakumwera kwa nyenyezi zitatuzi kuli kachinthu kooneka ngati kautsi, kamene akatswiri a zakuthambo amakatcha Orion Nebula. Malinga ndi kafukufuku wa akatswiriwa, pamalopa pakubadwa nyenyezi zatsopano mpaka lero.

Kachinthuka ndi mbali yowala ya mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 1,350 kuti kufike kuno. Mtambowu si wa mvula ayi. Mpweya wake wochuluka ndi wa hydrogen, ndipo m'kati mwake mumazizira kufika madigiri 260 pansi pa ziro. M'chaka cha 1970, akatswiri atatu a ku America, Robert Wilson, Keith Jefferts ndi Arno Penzias, anapezamo mpweya wa carbon monoxide, umene tsopano umagwiritsidwa ntchito pofufuza mitambo yotere.

Kuzizirako n'kofunika chifukwa mpweya wozizira subalalika msanga. Pamene mpweya wachulukana, mphamvu yokoka imayamba kuukokera pakati, ndipo chimbulumbulu chimene chapangikacho chimatentha pamene chikupanikizika. Kutentha kwa pakati kukafika madigiri pafupifupi 10 miliyoni, hydrogen amayamba kusanduka helium n'kumatulutsa kuwala. Apa ndiye kuti nyenyezi yabadwa.

Nyenyezi sizibadwa imodziimodzi koma m'magulu. M'chaka cha 1947, katswiri wa ku Armenia, Viktor Ambartsumian, anasonyeza kuti pali magulu a nyenyezi zazikulu, zotentha kwambiri, zimene zikutalikirana pang'onopang'ono, umboni woti zinabadwira pamodzi posachedwapa. Akamwiniatsatana ali m'gulu lotere lotchedwa Orion OB1, ndipo ali ndi zaka mamiliyoni ochepa chabe, pomwe dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni.

Chifukwa chimene nyenyezi zatsopano zimapezekera pafupi ndi magulu amenewa chinafotokozedwa ndi Bruce Elmegreen ndi Charles Lada m'chaka cha 1977. Iwo anati kuwala kwamphamvu kwa nyenyezi zazikulu kumatenthetsa mpweya wozizungulira, umene umafutukuka n'kukankha mtambo woyandikana nawo. Mpweya wa m'mphepete mwa mtambowo umapanikizika mpaka kubala nyenyezi zina, zimenenso zimakankha mbali yotsatira, monga momwe moto wolusa umayendera m'tchire. Komabe kuwala komweko kukanyanya, kumabalalitsa mtambo wonse ndipo kubadwa kwa nyenyezi kumathera pomwepo.

M'zaka za m'ma 1990, makina oonera kutali a Hubble anajambula nyenyezi zing'onozing'ono za mu Orion Nebula zitazunguliridwa ndi fumbi limene lingathe kudzapanga maiko onga lathuli. Akatswiri akuti dzuwa ndi dziko lapansi zinayambanso motero.

Mu Africa muno ntchito yofufuza zakuthambo ikukula. Dziko la South Africa linakhazikitsa makina a MeerKAT, a madishi 64, m'chaka cha 2018, ndipo maiko oyandikana nafe a Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko asanu ndi atatu a mu Africa othandizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array.

Kwa aphunzitsi ndi akuluakulu oona za maphunziro mumzinda wa Blantyre, phunziroli silifuna ndalama. Orion Nebula amadutsa pafupifupi pamutu penipeni, ndipo amaoneka ndi maso pamalo a mdima monga m'munsi mwa mapiri a Michiru, Soche ndi Bangwe. Chimene chimamubisa ndi magetsi a panja owalira kumwamba, nkhani imene okonza mapulani a mzinda angathe kuiganizira poika magetsi a m'misewu.