Kodi Mose analemba za maliro ake omwe?

Funsani mwana aliyense wa Sande sukulu kuti analemba Genesis, Eksodo, Levitiko, Numeri ndi Deuteronomo ndani, akuyankhani musanameze malovu: Mose. Mlaliki wa pa depoti ya mabasi nayenso amatero. Chikhulupiriro chimenechi si cha dzulo ayi. Akhristu anachitengera kwa Ayuda, ndipo chili ndi pogwira. Eksodo 24 ndi Deuteronomo 31 amanena kuti Mose analemba malamulo, Numeri 33 akuti analemba malo amene Aisraeli ankamanga misasa paulendo wawo, ndipo Yesu mwini wake pa Marko 12 anatchulapo buku la Mose.

Koma tatsegulani mutu wotsiriza wa Deuteronomo. Mmenemo muli maliro a Mose. Anamwalira ku Mowabu ali ndi zaka 120, anthu anamulira masiku 30, ndipo wolembayo akuti manda ake sankadziwika mpaka nthawi imene iye ankalemba. Abale anga, munthu angalembe bwanji za maliro ake omwe?

Funsoli sanayambe ndi ana a ku koleji. Ayuda otchuka Philo ndi Josephus, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anati Mose anachita kulosera imfa yake. Mu Talmud, buku la aphunzitsi achiyuda, muli ganizo lina lakuti ndime 8 zomalizazo analemba ndi Yoswa. Ndiye kuti ngakhale makolo a chikhulupirirochi anavomera kuti pena panadutsa dzanja la munthu wina.

Malo otere alipo angapo. Genesis 14 akuti Abrahamu anathamangitsa adani mpaka ku Dani, chonsecho malinga ndi Oweruza 18 mzindawo unapatsidwa dzinali Mose atamwalira kale. Genesis 36 akutchula mafumu a Edomu amene analamula Aisraeli asanakhale ndi mfumu, kusonyeza kuti wolembayo ankadziwa kuti mafumu a Israeli anadzabwera. Nanga Numeri 12, pamene Mose akutamandidwa kuti anali wofatsa kuposa anthu onse? Munthu wofatsa kudzilembera yekha zimenezo, eti!

Chondisangalatsa ine ndi nkhani ya Jean Astruc, dokotala wa ku France. Mu 1753 iye anasonyeza kuti mu Genesis ndime zina zimatchula Mulungu kuti Elohim, zina kuti Yehova. Cholinga chake chinali kuteteza Mose, kunena kuti anasonkhanitsa zolembedwa zakale. Koma anali atatsegula khola. Pofika 1878 Julius Wellhausen wa ku Germany ankaphunzitsa kuti mabukuwa analumikizidwa kuchokera ku zolembedwa zinayi, zaka mazana ambiri Mose atafa. Lero akatswiri ambiri akutsutsa mbali zina za mfundo zake, ngakhale ochepa okha ndiwo abwerera kwa Mose.

Mkanganowu unawadyera ntchito anthu ena. Mpingo wa Free Church of Scotland, womwe uja unatumiza amishoni a Livingstonia kuno mu 1875, unachotsa William Robertson Smith pa uphunzitsi ku Aberdeen mu 1881 chifukwa cha maganizo onga omwewa. Ku Natal, Mzulu William Ngidi, amene ankathandiza Bishopu John Colenso kumasulira Baibulo, anamufunsa ngati ankakhulupiriradi nkhani ya chigumula. Colenso anakafufuza, natulutsa buku mu 1862, ndipo anzake anamuweruza kuti ndi wosocheretsa.

Ku Roma nako, komiti ya Papa yoona za Baibulo mu 1906 inaumirira kuti mlembi ndi Mose, komabe inalola kuti mwina anali ndi alembi omuthandiza, anagwiritsa ntchito zolembedwa zakale, ndipo ena anaonjezera mawu pambuyo pake.

Tsono mbusa amene amakalipira mnyamata wofunsa za Deuteronomo 34, n'kumutcha wachikunja, akuumitsa zinthu kuposa Talmud ndi Roma wa 1906 yemwe. Amene akuti analemba ndi Mose ali ndi mwambo wakalekale kumbuyo kwake, ndipo sindikumuseka. Koma mnyamatayo asaopsezedwe ndi Gehena. Mpatseni Baibulo awerenge Genesis yense, mitu 50, aone ngati pali pamene patchulidwa dzina la wolemba, kapena la Mose amene.